Njovu zikamalowa mmunda chaka cha chilala, yesani mpanda wa njuchi

Alimi anzanga amene minda yanu ili mmbali mwa nkhalango zotetezedwa, mwaona nokha kuti mvula ikavuta njovu sizichedwa kutulukira. Sikuti ndi nkhanza ayi, njovu yaikulu imatha kudya makilogalamu 150 patsiku nde kutchire kukauma imangolondola fungo la mbewu zanu basi, usiku umodzi wokha thukuta la chaka chonse lapita.

Za misampha ndi poizoni musayerekeze. Mumangidwa nazo, komanso njovu yovulala ndi imene imalusa kwambiri.

Ine njira imene ndimaikonda ndi ya ming'oma ya njuchi. Njovu zimaopa njuchi koopsa chifukwa zimaziluma mkati mwa chitamba ndi mmbali mwa maso momwe khungu ndi lofewa. A Lucy King a bungwe la Save the Elephants anaiyesa ku Kenya kufupi ndi nkhalango yotetezedwa ya Tsavo, ndipo njovu pafupifupi 80 pa 100 zilizonse zinkabwerera zikafika pampanda. Mumapachika mng'oma pakati pa nsanamira ziwiri, wina pa mamita 10, kusinthanitsa weniweni ndi wonamizira wongooneka ngati mng'oma kuti ndalama isachuluke, kenako yonse muilumikize ndi waya mmodzi. Njovu ikangogunda wayayo ming'oma imagwedezeka njuchi nkutuluka. Kadenga ka udzu pamwamba musaiwale, njuchi sizikhala pa dzuwa la phwee.

Koma tamverani apa pomwe ambiri amagwa mphwayi. Chilala chomwe chikukubweretserani njovucho ndi chomwenso chimasamutsa njuchi, maluwa kulibe madzi kulibe nde zimangonyamuka, inu mwatsala ndi mabokosi opanda kanthu nthawi yomwe mukuwafunitsitsa. Muziziikira madzi mu beseni, muponyemo timiyala kapena timitengo kuti zisamire. Pofula uchi musakokolole wonse, dyera limeneli ndi lomwe limagwetsa mpanda. Ndipo zotentha tchire ndi kugwetsa mitengo yamaluwa zija mukuzilanda chakudya njuchi zanu zomwe.

Pomwe ming'oma ilibe njuchi tsekanipo ndi tsabola. Sinjani wouma, sakanizani ndi oilo wakutha wa galimoto, pakani pa chingwe ndi nsanza, mvula ikagwa mubwerezenso chifukwa amasukuluka. Ena amaumba njerwa za ndowe za njovu zosakaniza ndi tsabola nkumazifukiza usiku kumbali yochokera mphepo.

Komabe ngati munda uli panjira yomwe njovu zimadutsa popita kumadzi, kunena zoona palibe mpanda ungakuthandizeni, kambiranani ndi anzanu komanso oyang'anira nyama kuti mpitawo usiyidwe, minda muiike pamodzi muzilondera mosinthana.