Kuchoka ku Lilongwe kupita ku Mzuzu pa njinga yamoto yothamanga

Njinga yanga ndi Suzuki GSX-R750. Anaipangira liwiro, koma ine ndimakwera yomweyo kuchoka kwathu ku Area 25 mpaka ku Mzuzu, mtunda wa makilomita pafupifupi 360 mumsewu wa M1. Anzanga a njinga zamtunduwu amandifunsa ngati n'zotheka. N'zotheka ndithu, bola muvomereze kuti pa ulendo wotere mumayendera thanki ndi thupi lanu, osati mphamvu za injini.

Thanki yake imalowa malita 17 basi. Ndikamayenda modekha, kagetsi ka mafuta kamayaka ndikangopitirira makilomita 200. Choncho ndimadzazitsa dzulo lake, ndipo ndikafika pa Kasungu ndimathiranso ngakhale thanki isanafike pa theka. Pa Jenda ndikapeza petulo ndimawonjezera, chifukwa kutsogoloko ndi nkhalango ya Chikangawa. Mmene mafuta amavutira kuno mukudziwa nokha, ndiye musananyamuke imbirani munthu wa ku Kasungu akuuzeni ngati pa filing'i alipo. A m'zigubu am'mbali mwa msewu ndimawapewa. Simudziwa chimene asakanizamo, ndipo injini ngati iyi sichedwa kudandaula.

Chimene chimagonjetsa anthu ambiri ndi mmene munthu umakhalira panjingapo. Mahandulo ali m'munsi, mapazi ali kumbuyo, munthu umakhala chowerama. Ukalekerera, thupi lonse limatsamira m'manja, ndipo pofika pa Madisi zala zachita kale dzanzi, khosi lauma. Mankhwala ake ndi mawondo. Panani thanki ndi mawondo, limbitsani pamimba kuti msana uzidzinyamula wokha, zigongono zikhale zopindika pang'ono. Handulo igwireni mofewa ngati mwagwira dzira. Mudzaona kuti pamsewu wopanda anthu mphepo imakukankhani pachifuwa n'kukupeputsirani manja, pomwe m'malo ochitira malonda ngati Lumbadzi ndi Mponela, mmene mumayenda pang'onopang'ono, ndi mmene mikono imawawa kwambiri. Ine ndimaima pakatha ola lililonse, kutopa kusanabwere. Ndimatsika, kuyendayenda, kumwa madzi, kutambasula zala. Mphindi khumi zimakwana. M'makutu ndimaikamo timasiponji totseka phokoso, chifukwa mkokomo wa mphepo mu helemeti umatopetsa mutu kuposa mmene ambiri amaganizira.

Chikwama chakumsana chisiyeni kunyumba. Ulendo wanga woyamba ndinabereka laputopu ndi zovala, ndipo mapewa anandipweteka sabata yonse. Panopa ndili ndi kachikwama kapathanki, mmene mumakhala laisensi, mapepala a inshuwalansi ndi foni kuti pa rodibuloko ndisachedwe, ndi china chofewa chomangirira pampando wakumbuyo. Onetsetsani kuti zingwe zake sizikulendewera ku tayala kapena kukhudza ekizozi.

Matayala ndiwo ndimawasamala koposa. Lakumbuyo ndi saizi 180/55 pa rimu ya 17, ndipo simungayembekeze kulipeza pa Nkhamenya. Likakhala kuti latha pakati, sinthani muli konkuno. Mpweya muziyeza m'mawa matayala asanatenthe. Yanga imafuna 2.5 bar kutsogolo ndi 2.9 kumbuyo. Tengani zomatira tayala la tubeless (lopanda chubu) ndi kapampu, ndipo muyesere kumata pa tayala lakale muli pakhomo, musakaphunzirire patchire. Tcheni ndimachipaka mafuta ndikangofika chikadali chotentha, n'kuonanso ngati sichinakhwepe.

Msewu wathu suli ngati umene njingayi anaipangira. Mashoko ake ndi olimba ndipo pansi pake m'pafupi, ndiye hampu iliyonse muikwere pa giya yoyamba, apo ayi mupalitsa mapulasitiki kapena ekizozi. Dzenje limene basi imangodutsa lingakupindireni rimu. Musayende mogundizana ndi galimoto yakutsogolo, chifukwa imakubisirani maenje mpaka mutafika pomwepo. Ndiye pali mbuzi, ngolo, a kabaza onyamula matumba a makala, ana ochokera kusukulu. Anthu akaona getsi limodzi amayesa ndi njinga yaing'ono ya kabaza, amawoloka osadziwa kuti mufika msanga. Ichi chimandidetsa nkhawa kuposa china chilichonse, n'chifukwa chake ndikangoona nyumba m'mbali mwa msewu ndimachepetsa moto, zala ziwiri zili pa buleki.

Ku Chikangawa makona ake ndi okoma, ndipo apa m'pamene njingayi imaonetsa chimene anaipangira. Komabe kumagwa chifunga, msewu umanyowa, ndipo mathiraki a matabwa amatulukira m'tinjira tam'nkhalango atasiya dothi patala. M'miyezi ya June ndi July kumazizira kwambiri moti jekete yachikopa payokha sikwana. Ndimavala juzi mkati ndi magolovesi ochindikala, ndipo galasi la helemeti ndimalitsegula pang'ono kuti lisachite nthunzi.

Ndimanyamuka 6 koloko m'mawa, kutangoyera. Pophatikiza kupuma ndi kuthira mafuta, ndimalowa mu Mzuzu masana dzuwa likadali pamutu. Ndikachedwa mpaka kuona kuti mdima undipeza ndisanatuluke m'nkhalango, ndimagona pa Kasungu n'kupitiriza m'mawa.