Momwe mungapemphere kuti nkhani ya Akaro ichotsedwe pa Wikipedia

Mwapeza nkhani ya anthu a mtundu wa Karo pa Wikipedia ya Chingerezi, ndipo mfundo zake zilibe umboni. Musanapemphe kuti ifufutidwe, dziwani kaye kuti ndi Akaro ati, chifukwa dzinali lili ndi eni ake ambiri. Alipo a ku North Sumatra m'dziko la Indonesia, cha ku Kabanjahe ndi Berastagi. Kalipo kamtundu kakang'ono ka m'mbali mwa mtsinje wa Omo kummwera kwa Ethiopia, komwe ena amalemba kuti Kara. Ku South Sudan dzina lomweli limaphatikiza mitundu yoyankhula Chibari monga Bari, Kuku, Kakwa ndi Pojulu. Nthawi zina wolemba sananame, anangosakaniza mitundu iwiri.

Kenako fufuzani nokha pa Google Books, Google Scholar ndi JSTOR, mukuyesa kalembedwe konse ka dzinalo. Apa ndi pomwe ambiri amagwera. Ngati mabuku odalirika onena za mtunduwo alipo, kawirikawiri nkhaniyo siichotsedwa ngakhale italembedwa moipa. Ikani chizindikiro cha "citation needed", chopempha umboni, pa chiganizo chokayikitsa, kapena chichotseni n'kufotokoza chifukwa pa tsamba la Talk, lokambiranapo za nkhaniyo.

Mukafufuza n'kubwerako chimanjamanja, sankhani njira. Yofufuta pompopompo, ya G3, ndi ya bodza loonekeratu kapena zolemba zongofuna kuwononga basi. Ya PROD, yongoika chizindikiro chopempha kuti nkhani ichotsedwe popanda zokambirana, imadikira masiku 7, koma aliyense, ngakhale amene analemba nkhaniyo, akhoza kuchotsa chizindikirocho, ndipo simungachiikenso kachiwiri. Nkhani ya mtundu wa anthu siisowa woyiikira kumbuyo, choncho pitani ku AfD, bwalo lokambirana zochotsa nkhani.

Pamafunika akaunti. Ikakwanitsa masiku 4 ndipo mwakonzapo nkhani maulendo 10, yatsani Twinkle, chida chothandiza pa ntchitoyi, pa Preferences, gawo la Gadgets. Tsegulani nkhaniyo, dinani XFD, sankhani AfD, lembani chifukwa chanu. Twinkle iika yokha chidziwitso pamwamba pa nkhaniyo, itsegula tsamba la zokambirana, iilemba pa mndandanda wa tsikulo n'kudziwitsa woyambitsa nkhaniyo.

Chifukwacho chikhale ndi mnofu. Kungoti "mulibe umboni" n'kudzitayitsa nthawi. Tchulani chiganizo chenicheni, mwachitsanzo chonena za chiwerengero cha anthuwo kapena komwe anachokera, nenani komwe mwafufuza ndi zomwe mwapeza, ndipo onetsani ngati buku lomwe alitchula silinena zimenezo.

Zokambirana zimatenga masiku 7, nthawi zina amawonjezera. Si chisankho chowerenga manja ayi: wotseka zokambiranazo amayeza kulemera kwa mfundo. Kuitanira anzanu pa WhatsApp kuti adzakuthandizeni n'koletsedwa, ndipo kumaoneka msanga.

Yembekezani kuti mwina nkhaniyo siifufutidwa koma iphatikizidwa ndi ina, kapena, ngati ndi Akaro a ku South Sudan, dzinalo lingolozera ku nkhani ya Abari. Anthu akapanda kugwirizana, imakhalabe pomwepo. Mukaona kuti wotsekayo anaphonya malamulo, yambani mwalankhula naye pa tsamba lake, kenako mukadandaule ku Deletion review, komwe amangounika ngati anatseka moyenera.