Kusunga mafayilo pa external: kagulidwe, kakopedwe ndi zimene zimaiwononga

Anthu ambiri mu Lusaka muno ali ndi external, disiki yosungira mafayilo yolumikiza pa USB, m'chikwama koma alibe backup. Laputopu ikadzaza, amatenga zithunzi za ukwati, maakaunti a shopu kapena pulojekiti ya ku UNZA n'kuziika pa external, kenako n'kufufuta za pa laputopu kuti malo apezeke. Pamenepo mwangosamutsa katundu. Kope likadali limodzi, ndipo tsopano lili pa chinthu chimene chimagwedezeka m'minibasi tsiku ndi tsiku. Backup ndi kope lachiwiri: fayilo ikhale pa kompyuta, ikhalenso pa external, kuti chimodzi chikafa chinzake chitsale.

Pogula

Ma external alipo amitundu iwiri. Hard disk ili ndi timbale m'kati tozungulira maulendo pafupifupi 5,400 pa mphindi, ndi kasingano kowerenga kamene kamayandama pafupi kwambiri ndi timbaleto. Ndi yotchipa mukayerekeza ndi malo amene imapereka, koma ikagwa patebulo ili mkati mozungulira, kasinganoko kamakanda mbale ndipo zimene zinali pamenepo zapita. SSD ilibe chozungulira, imapirira kugwa, ndi yachangu, koma mtengo wake ndi wokwera. Ngati disikiyo izikhala m'kabati n'kumatuluka kamodzi pa sabata, hard disk ndi yokwanira. Ngati ndinu wojambula zithunzi woyenda nayo m'maukwati, gulani SSD.

Pa hard disk palinso kusiyana kumene kuli kofunika kwa ife kuno. Yaing'ono, ya mainchesi 2.5, imatenga mphamvu pa USB ya laputopu. Yaikulu, ya mainchesi 3.5, imafuna adaputa yake ya kukhoma. Amene anaona load shedding ya 2024, madzi atatsika ku Kariba, akudziwa tanthauzo lake: malaiti akapita disiki yaikulu ili mkati molemba, imazima pomwepo, fayilo n'kutsala theka. Yaing'ono imapitiriza ntchito chifukwa batire la laputopu likuidyetsa. Ngati mulibe UPS kapena inverter, sankhani yaing'ono.

Kukula kwake musapenekere. Tsegulani C:\Users, dinani kumanja pa foda ya dzina lanu, sankhani Properties, muone kuchuluka kwa zimene muli nazo. Gulani disiki yoposa pamenepo kawiri kapena katatu, chifukwa makope akale nawo amadya malo. Mukailumikiza n'kuona kuti ya 1 TB ikuonetsa 931 GB, musabwerere kukalalatira wogulitsa. Opanga amawerenga m'magulu a 1,000 pomwe Windows imawerenga m'magulu a 1,024. Ya 2 TB imaoneka ngati 1.81 TB.

Chinyengo chenicheni chili pa tima SSD totchipa modabwitsa tolembedwa ma TB ambirimbiri. M'kati mumakhala kamemori kakang'ono konamiza kompyuta. Mukadutsa malire ake enieni, mafayilo amaoneka mayina okha koma satseguka. Kaya mwagula ku Manda Hill, kaya kwa anyamata a mafoni ku Town Centre, tengani lisiti, ndipo musanaikepo kanthu yesani disikiyo ndi pulogalamu yaulere ya H2testw. Imadzaza disiki yonse n'kuwerenganso zimene yalemba. Pa disiki yaikulu imatenga maola ambiri, choncho iyambitseni tsiku limene malaiti alipo.

Kuikonza isanayambe ntchito

Onani mtundu wa format, ndiko kuti dongosolo limene disiki imasungira mafayilo, podina kumanja pa disiki n'kusankha Properties. Ngati mumagwiritsa ntchito Windows yokha, NTFS ndiyo yabwino, chifukwa imalemba kaundula wa zimene ikuchita, ndiye magetsi akaduka simasokonekera msanga. Ngati disikiyo iziyenda pakati pa Windows ndi Mac, ikani exFAT, popeza Mac imawerenga NTFS koma siilembapo. Dziwani chabe kuti exFAT ilibe kaundula uja, ndiye kuizula mwachisawawa kumaipweteka kwambiri. FAT32 isiyeni: siilandira fayilo yopitirira 4 GB, ndipo ndi imene imachititsa uthenga wakuti fayilo ndi yaikulu pomwe malo ali mbwee. Format imafufuta zonse, choncho ichitike disiki ili yopanda kanthu.

Lumikizani pa USB 3.0, imene kawirikawiri imakhala ya buluu m'kati kapena yolembedwa SS. Pa USB 2.0 mumapeza pafupifupi 35 MB pa sekondi, kutanthauza kuti 100 GB imatenga mphindi pafupifupi 50. Pa USB 3.0 hard disk yomweyo imamaliza m'mphindi 15 kapena 20. Timafayilo ting'onoting'ono tambirimbiri timachedwa kuposa apa. Pali nkhani ya mphamvunso: USB 2.0 imapereka 500 mA, USB 3.0 imapereka 900 mA. Disiki imene ikulira tiki tiki osaonekera pa kompyuta nthawi zina si yakufa, ndi njala chabe. Ichotseni pa hub kapena pa mabowo a kutsogolo kwa desktop, muilumikize kumbuyo ndi kebulo yake yaifupi.

Kukopa

Windows 10 ndi 11 zili ndi File History, pulogalamu imene imakopera mafayilo anu pa external yokha. Tsegulani Control Panel, pitani pa System and Security, kenako File History. Dinani Select drive, sankhani external yanu, dinani Turn on. Pa Advanced settings mupeza kuti imakopa ola lililonse ndipo imasunga makope akale mpaka kalekale. Sinthani Keep saved versions ikhale Until space is needed kuti disiki isadzaze n'kuima mwakachetechete. Ubwino wake ndi wakuti imasunga fayilo mmene inalili dzulo, sabata yatha ndi mwezi watha. Mukalemba molakwika pa Excel ya sitoko n'kusunga, mutha kubwerera ku ya Lachiwiri kudzera pa Restore personal files.

Msampha wake ndi uwu: File History imayang'ana mafoda a dzina lanu monga Documents, Pictures ndi Desktop. Okonza makompyuta ambiri amagawa disiki kukhala C ndi D n'kukulangizani kuti muzisunga zofunika pa D. Foda ya pa D siikopedwa pokhapokha mutaidina kumanja n'kusankha Include in library. Ndipo D yemweyo si backup: C ndi D kawirikawiri ndi zipinda za nyumba imodzi, disiki ikafa zonse zimafera limodzi.

Pa Mac ntchitoyi ndi ya Time Machine, mu System Settings pansi pa General. Imasunga makope a ola lililonse a maola 24 apitawa, a tsiku lililonse a mwezi wapitawu, ndi a sabata lililonse a kumbuyo konseko, ndipo disiki ikadzaza imafufuta akale kwambiri. Ipatseni disiki yakeyake.

Amene mukufuna kuona mafayilo anu poyera, osabisika m'mafoda a pulogalamu, gwiritsani ntchito robocopy. Mu Command Prompt lembani chonchi, poika dzina lanu pamene palembedwa Dzina, ndi chilembo cha external yanu m'malo mwa E:

robocopy "C:\Users\Dzina\Documents" "E:\Backup\Documents" /E /R:1 /W:1

Ulendo woyamba imakopa zonse, maulendo otsatira imangotenga zatsopano ndi zosinthidwa. Musaiwale /R:1 ndi /W:1, chifukwa popanda izi robocopy ikakumana ndi fayilo yokana imayesanso kokwana miliyoni imodzi, kudikira masekondi 30 ulendo uliwonse, ndipo mudzaipeza m'mawa ili pamalo omwewo. Pa intaneti ambiri amalangiza /MIR. Chenjerani nayo: imafananitsa mbali ziwirizo, ndiye chimene mwafufuta mwangozi pa laputopu chimafufutidwanso pa external. Komanso chilembo cha disiki chimasinthasintha, lero E mawa F, malinga ndi mafulashi amene alumikizidwa. Mu Disk Management ipatseni chilembo chakutali ngati X kuti chikhazikike.

Kukopa ndi dzanja nakonso kumagwira ntchito, bola muzisankha Copy osati Cut, ndipo foda iliyonse muziipatsa tsiku moyamba ndi chaka, monga 2025-03-14, kuti ziziima mwandondomeko.

Zimene zimaiwalika kawirikawiri ndi zimene zimaliza anthu. Maimelo ena a Outlook amakhala m'fayilo ya .pst, ndipo siikopeka bwino Outlook ili yotsegula. Mapulogalamu a maakaunti monga QuickBooks ndi Pastel ali ndi batani lawolawo la backup. Gwiritsani ntchito limenelo n'kuloza ku external, osangokoka foda pulogalamu ikugwira ntchito. Zithunzi za pa foni ziyambe zalowa mu laputopu. Mapulogalamu enieniwo musavutike nawo, amaikidwanso; sungani makiyi a laisensi basi.

Mukamaliza, izuleni

Dinani kachizindikiro ka USB pansi kumanja, sankhani Eject, dikirani uthenga ndi kuti kunjenjemera kwa disiki kuleke, ndiye muzule. Kompyuta nthawi zina imasonyeza ngati yamaliza pomwe zina zikadali m'njira. Ikakana, tsekani mafoda ndi mapulogalamu onse. Ikakanabe, zimitsani kompyuta ndipo muzule itazima.

External yolumikizidwa usana ndi usiku imagwidwa ndi tsoka lomwelo limene lagwira kompyuta. Ma ransomware, mavayilasi ofuna dipo ngati WannaCry wa mu Meyi 2017, amatseka mafayilo pa disiki iliyonse imene aiona. Mphenzi ya nyengo ya mvula ikalowera pa chaja, kapena malaiti akabwera mwamphamvu, zolumikizidwa zonse zili pangozi. Wakuba akathyola shopu sasiya kabokosi kamene kali pafupi ndi laputopu. Ndiye lumikizani, kopani, zulani, ikani kwina. File History siivutika ndi zimenezi, imapitiriza pamene inasiyira mukalumikizanso.

Kukopa kangati? Dzifunseni kuti ndi ntchito ya masiku angati imene mungathe kuilembanso osalira. Wa shopu ya ku Kamwala amene amalowetsa malonda tsiku lililonse akope madzulo aliwonse asanatseke. Zithunzi za banja, kamodzi pa mwezi.

Akatswiri amatchula lamulo la 3-2-1: makope atatu, pa zipangizo za mitundu iwiri, limodzi likhale kutali. Moto umene unapsereza City Market mu Julayi 2017 ndi wokwanira kutiuza chifukwa chake kope lina liyenera kugona kwina. Njira yosavuta ndi kukhala ndi ma external awiri, imodzi ku ntchito, ina kunyumba ku Chilenje kapena ku Matero, n'kumazisinthanitsa Lachisanu lililonse. Mafayilo ochepa ofunika zedi, monga mapepala a nyumba ndi masatifiketi, aikeninso pa Google Drive, imene imapereka 15 GB yaulere. Amenewo sadya ma bundle ambiri. Posunga, pewani galimoto yoimikidwa padzuwa la Okutobala, fumbi ndi chinyezi, ndipo chotsani kebulo musanaike m'chikwama, popeza pamene imalowera ndi pamene pamathyoka msanga.

Ngati m'disiki muli zinsinsi za makasitomala kapena malipiro a antchito, itsekeni ndi BitLocker To Go, imene imayatsidwa pa Windows Pro. Idzakupatsani kiyi ya manambala 48. Ilembeni papepala, muisunge kwina osati pa disiki yomweyo. Mukataya pasiwedi ndi kiyiyo, palibe mmisiri amene angakutsegulireni.

Ndipo external ya backup si yobwereketsa. Ikangolowa m'kompyuta za m'ma internet café kapena kwa oika mafilimu, imabwera ndi vayilasi imene imasandutsa mafoda onse kukhala ma shortcut. Zikatero musadine ma shortcut amenewo. Mafayilo anu alipo, angobisidwa. Yambani mwaisesa ndi antivirus, kenako mu Command Prompt lembani attrib -h -r -s /s /d E:\*.* poika chilembo cha disiki yanu m'malo mwa E, ndipo mafoda adzaonekeranso.

Kuyesa, ndi zizindikiro za imfa

Kamodzi pa mwezi tsegulani mafayilo asanu kapena khumi kuchokera pa external, akale ndi atsopano, makamaka pa kompyuta ina. Yerekezaninso chiwerengero cha mafayilo pa Properties mbali zonse ziwiri. Ambiri amazindikira tsiku la tsoka kuti File History inaima kalekale, kapena kuti zimene ankakopa zinali ma shortcut a pa Desktop.

Pulogalamu yaulere ya CrystalDiskInfo imawerenga zimene disiki ikunena za thanzi lake. Ikalemba Good, pitirizani. Ikalemba Caution, makamaka pa Reallocated Sectors Count kapena Current Pending Sector Count, mbale yayamba kuwonongeka: gulani ina, musamutse zonse sabata yomweyo. Kukopa kumene kumaima pa fayilo imodzimodzi, kapena disiki yosowa n'kubweranso yokha, yambani mwasintha kebulo. Zikapitirira, vuto lili m'kati.

Windows ikanena kuti disiki iyenera kuchitidwa format musanaigwiritse ntchito, dinani Cancel. Nthawi zambiri chawonongeka ndi mndandanda wa mafayilo, osati mafayilo enieniwo. Ngati pa kompyuta zonse zilipo, palibe chodandaula, konzani disiki mukopenso. Ngati kope lokhalo lili pa external, musalembepo chilichonse, ndipo musathamangire chkdsk, pulogalamu ya Windows yokonza disiki, pa disiki imene ikudwala, chifukwa imalemba pamene mukufuna kupulumutsa. Yesani PhotoRec, pulogalamu yobweza mafayilo otayika, ndipo zimene yapeza muzizisunga pa disiki ina. Koma ikakhala kuti ikulira tiki tiki pa kebulo yabwino ndi pa USB yamphamvu, izuleni msanga. Kuiyatsa mobwerezabwereza kumawonjezera zokanda. Musaitsegule ndi sikuludiraiva, musaiike mufiriji monga ena amalangizira. Ipititseni kwa odziwa ntchito yobweza mafayilo, ndipo muwafunse kaye ngati amayamba akopa disiki yonse kupita pa ina asanakhudze china chilichonse.