Kuika WhatsApp, Facebook ndi Instagram pamodzi pa laputopu

Achemwali a ku Senga Bay munafunsa kuti mungatani kuti WhatsApp, Facebook ndi Instagram za loji yanu zizikhala malo amodzi pa laputopu, osamangodumphadumpha ma tabu tsiku lonse. Ine ndimagwiritsa ntchito pulogalamu yotchedwa Ferdium, ndi yaulere ndipo imayenda pa Windows, Mac ngakhale Linux.

Choyamba lowani pa ferdium.org mudawunilode ya Windows, koma chitani izi pa Wi-Fi chifukwa failo yake ndi yaikulu ndithu, kabandulo ka tsiku kakhoza kuthera pomwepo. Mukaiika ikufunsani akaunti, ingosankhani kulowa popanda akaunti, zimatheka bwinobwino.

Kenako dinani ka + kali kumanzere, musake WhatsApp. Patuluka QR code, tengani foni mutsegule WhatsApp, mupite pa Linked devices muijambule, basi macheza onse atulukira. Facebook ndi Instagram mungolowa ndi pasiwedi yanu yomwe ija.

Apa ndiye mumvetsetse, chilichonse chomwe mwaonjezera chimadya RAM ngati tabu ya Chrome, ndiye ngati laputopu yanu ndi ya 4GB yambani ndi zitatu zokha, mukachulutsa fani imayamba kulira ngati chigayo kompyuta n'kuuma gwa. Mu Settings muli hibernation, iyatseni kuti zomwe simukuzigwira zizigona, koma WhatsApp yokha musaigoneke chonde, mlendo wofuna chipinda Loweruka akalemba inu osaona amapita kwina.

Ferdium payokha siikutumizirani ma positi pa nthawi yomwe mwaika. Zithunzi za chambo ndi za nyanja m'mawa muzikonzeratu mu Meta Business Suite, yomwe imatumiza ma positi a Facebook ndi Instagram pa nthawi yomwe mwaika, nayonso mutha kuilowetsa mu Ferdium ngati Custom Website.