Momwe mungakonzere mbiri yanu ya milandu ku polisi ndi kukhothi

Anthu ambiri a m'maboma a Chikwawa ndi Nsanje amayamba kudera nkhawa za mlandu wakale pa tsiku limene afunsidwa kuti abweretse police clearance, chikalata cha apolisi chosonyeza ngati munthu anapezekapo wolakwa pa mlandu, kaya ndi pofunsira ntchito ya ulonda, ya udalaivala kapena ya m'boma, kaya ndi pokonza mapepala opitira kunja. Ena anangogonapo m'chitokosi usiku umodzi pa nkhani ya ndewu ya pamsika, ena anazengedwa mlandu wa mbuzi kapena wa ng'ombe n'kupezeka osalakwa, ndipo ena analipira chindapusa atagwidwa ndi nkhuni kapena nyama m'nkhalango ya Lengwe. Onsewa amafunsa chimodzi: kodi dzina langa lingayeretsedwe? Yankho limadalira momwe nkhaniyo inathera, ndipo chimene chimasintha zolembedwa ndi pepala lochokera kukhothi, osati kupita kwa zaka, kupepesana kwa mfumu, kapena lonjezo la munthu amene akuti ali ndi mnzake kulikulu la polisi.

Choyamba, dziwani chimene chinalembedwa

Musanawononge ndalama ya thiransipoti kapena ya loya, pitani ku polisi ya m'dera lanu mukapemphe police clearance, mutatenga chiphaso chanu cha unzika. Apolisi amatenga zidindo za zala zanu, ndipo zidindozo zimayerekezedwa ndi zimene zimasungidwa kulikulu la polisi ku Area 30 mu mzinda wa Lilongwe. Pali ndalama yolipira, ndipo muyenera kulandira lisiti la boma. Zimachitika ndithu kuti munthu amene wakhala zaka akuopa amapeza kuti palibe chimene chinalembedwa pa dzina lake, chifukwa nkhani yake sinafike pa chigamulo.

Ngati chikalatacho chikusonyeza mlandu, lembani pambali dzina la khothi, chaka, nambala ya mlandu ndi chilango chimene chatchulidwa. Ngati mlanduwo simukuudziwa n'komwe, musachite mantha, chifukwa kuno kuchigwa anthu ofanana mayina ndi ochuluka, ndipo pamakhalanso anthu amene akagwidwa amatchula dzina la m'bale wawo. Pemphani mwa kalata kuti zala zanu ziyerekezedwenso ndi za munthu amene anamangidwayo, popeza zidindo za zala za anthu awiri sizifanana.

Chachiwiri, siyanitsani kumangidwa ndi kupezeka wolakwa

Malamulo aakulu a dziko lino, amene anakhazikitsidwa mu 1994, amanena m'gawo 42 kuti munthu woganiziridwa mlandu ndi wosalakwa kufikira khothi litamupeza wolakwa, ndipo kuti womangidwa ayenera kuonekera kukhothi pasanathe maola 48. Motero kugona m'chitokosi, kutuluka pa belo, ngakhale kukhala miyezi pa rimandi kundende ya Chikwawa kapena ya Nsanje, sikukupangitsani kukhala munthu wopezeka wolakwa. Ngati wodandaula anathetsa nkhani, ngati boma linausiya mlandu, kapena ngati majisitireti anakumasulani atamva umboni, mulibe mlandu umene munapezeka nawo wolakwa.

Pali mbali ina imene imasokoneza anthu ambiri, ndipo ndi yofunika kuimvetsa bwino. Munthu amene anavomera mlandu pamaso pa majisitireti n'kulipira chindapusa tsiku lomwelo, amene anapatsidwa chilango chogwira ntchito ya kalavulagaga pachipatala kapena pasukulu, komanso amene anauzidwa kuti apite kwawo koma asapalamulenso kwa nthawi yakutiyakuti, onsewa anapezeka olakwa ngakhale kuti sanalowe m'ndende. Zimandipweteka mtima kuona achinyamata akuvomera milandu imene sanapalamule pofuna kungothamangira kunyumba kukaona kudimba, osadziwa kuti mawu amodzi akuti "ndikuvomera" adzawatsekera zitseko za ntchito patapita zaka khumi.

Chachitatu, pezani mapepala a kukhothi

Pitani kwa kalaliki wa khothi limene linazenga mlandu wanu, kaya ndi la paboma ku Chikwawa, la ku Nchalo kapena la ku Nsanje, mukapemphe kope la chigamulo kapena la lamulo limene linakumasulani, ndipo likhale ndi chidindo cha khothi. Nambala ya mlandu ndiyo imafulumizitsa ntchito. Ngati munaiiwala, kapena ngati mapepala anu anapita ndi madzi osefukira a mu 2015, a namondwe wa Ana mu 2022 kapena a Freddy mu 2023, monga zinachitikira mabanja ambiri kuno, kumbukirani mwezi ndi chaka, dzina la wodandaula ndi polisi imene inakumangani, popeza khothi ndi ofesi ya apolisi oimira boma pa milandu amakhala ndi mabuku awo olembamo milandu. Mukalandira pepalalo, lijambulitseni makope angapo, lina mulijambule pa foni, ndipo lenilenilo musamusiyire munthu aliyense.

Amene nkhani yawo inathera ku polisi osafika kukhothi apemphe kalata kwa mkulu wa polisiyo yonena kuti doketi, fayilo ya mlandu ya ku polisi, inatsekedwa. Apa mpofunika kusamala, chifukwa mlandu umene unangozizira usanatsekedwe ukhoza kudzukanso, makamaka ngati munasiya kukaonekera pa masiku a belo. Zikakhala choncho, yambani mwalankhula ndi mlangizi wa zamalamulo musanapite ku polisi, kuti nkhaniyo ithetsedwe mwadongosolo.

Mukakhala ndi umboni woti simunapezeke wolakwa, lembani kalata yopita kwa mkulu wa polisi imene inakumangani, kope lake lipite ku ofesi yosunga mbiri ya milandu ku Area 30. Fotokozani mwachidule tsiku limene munamangidwa ndi momwe nkhani inathera, phatikizani kope la chigamulo, ndipo pemphani kuti zolembedwa zikonzedwe komanso kuti zidindo za zala ndi zithunzi zimene anakutengani pa mlanduwo zisagwiritsidwenso ntchito ngati za munthu wopezeka wolakwa. Onetsetsani kuti kope lanu la kalatayo ladindidwa kusonyeza tsiku limene yalandiridwa. Pakapita nthawi osayankhidwa, mukhoza kukadandaula ku ofesi ya Ombudsman, imene imamva madandaulo okhudza maofesi a boma, kapena ku bungwe loona za ufulu wa anthu la Malawi Human Rights Commission, ndipo kope lodindidwa lija ndilo lidzakhale umboni wanu.

Chachinayi, ngati munapezeka wolakwa: apilo ndi kuunikanso mlandu

Apa ndipo pagona nkhani. Chigamulo cha majisitireti sichingafafanizidwe ndi wapolisi, mfumu kapena phungu, koma ndi khothi lokulirapo. Kwa ife a kuchigwa, khothi limenelo ndi bwalo lalikulu la milandu la ku Chichiri mu mzinda wa Blantyre, ndipo likakhala kuti nalonso silinakukomereni, pamwamba pake pali bwalo la Supreme.

Lamulo la kazengedwe ka milandu limafuna kuti munthu adziwitse khothi mwa kalata kuti akufuna kuchita apilo pasanathe masiku 10 chigamulo chitaperekedwa, kenako n'kupereka zifukwa zake. Masiku 10 ndi ochepa kwambiri kwa munthu wa ku Makhanga kapena ku Chapananga amene sanakumanepo ndi loya, koma lamulo lomwelo limapatsa bwalo lalikulu mphamvu yolandira apilo yochedwa ngati pali chifukwa chomveka. Pamafunika kufotokoza molumbira chimene chinakuchedwetsani, monga matenda, kusowa wokuimirirani kapena kuchedwa kwa mapepala a khothi, ndi kusonyeza kuti apiloyo ili ndi mutu. Munthu amene ali m'ndende akhoza kupereka chidziwitso chake kudzera kwa mkulu wa ndendeyo, choncho achibale asadikire kuti atuluke kaye.

Amene anavomera yekha mlandu ali ndi khomo lopapatiza, chifukwa kawirikawiri amaloledwa kudandaula za kukula kwa chilango chokha. Komabe si kuti njira yatsekekeratu. Majisitireti asanalandire kuvomera kwa munthu, ayenera kutsimikiza kuti munthuyo akumvetsa mlandu ndi zotsatira za kuvomerako, ndipo gawo 42 lija limapereka ufulu wozengedwa mlandu m'chiyankhulo chimene munthu amamva, kapena kupatsidwa womasulira. Ngati agogo olankhula Chisena chokha anangogwedeza mutu pa zimene sanazimve, kapena ngati munthu ananena kuti "ndinatengadi mbuziyo koma ndi yanga" n'kulembedwa kuti wavomera kuba, loya ali ndi poyambira. Bwalo lalikulu lilinso ndi mphamvu yoitanitsa fayilo ya kukhothi laling'ono n'kuiunika, ndipo likapeza kuti chilungamo chinapotoka, likhoza kuthetsa chigamulocho. Ndibwinonso kufunsa kwa kalaliki ngati mlandu wanu unatumizidwapo ku Blantyre kuti ukatsimikizidwe, chifukwa zilango zokulirapo zimayenera kuonedwa ndi bwalo lalikulu, ndipo zimatheka kuti chigamulo chinasinthidwa kale mwini wake osamva.

Amene anamangidwa pa mlandu wa vakabu akumbukire nkhani ya Mayeso Gwanda, wogulitsa majumbo amene anagwidwa m'bandakucha mu 2015 ali pa ulendo wopita kumsika ku Limbe. Pa 10 January 2017, bwalo lalikulu linagamula kuti gawo 184(1)(c) la malamulo a zilango, limene apolisi ankagwiritsa ntchito pomanga anthu ongopezeka akuyenda, likutsutsana ndi malamulo aakulu a dziko. Musaganize kuti chigamulochi chinakafufuta chokha dzina lanu m'mabuku. Chitengeni ngati chida chimene loya wanu angagwiritse ntchito popempha khothi kuti liunikenso mlandu wanu.

Bwalo lalikulu likathetsa chigamulo, ntchito sinathe. Tengani kope lodindidwa la lamulo latsopanolo, mulipereke ku polisi ndi kalata ngati ija tafotokoza pamwambapa, kenako mupemphenso police clearance kuti muone ndi maso anu ngati zolembedwa zasintha.

Kumene mungapeze thandizo

Si onse angakwanitse loya wolipira. Bungwe la boma la Legal Aid Bureau linakhazikitsidwa kuti lizithandiza anthu osowa, ndipo lili ndi ofesi ku Blantyre. Alangizi a zamalamulo a bungwe la PASI amayendera ndende, makhothi ndi polisi, ndipo bungwe la CHREAA nalo limathandiza akaidi ndi anthu omangidwa. Popeza ulendo wokwera phiri kuchokera pa Thabwa ndi wodula kwa munthu wochokera ku Bangula kapena ku Marka, funsani kaye kwa kalaliki wa khothi la kwanu tsiku limene alangiziwa amabwera, ndipo mukamapita ku Blantyre mukhale mutasonkhanitsa mapepala onse.

Aliyense wokuuzani kuti mumupatse ndalama kuti akachotse dzina lanu mu kompyuta akukuikani m'mavuto aakulu kuposa amene muli nawo. Kupereka chiphuphu ndi mlandu, kugwiritsa ntchito chikalata chachinyengo ndi mlandu wina, ndipo munthu amene anali ndi nkhani ya chindapusa chaching'ono akhoza kuthera m'ndende pofuna kudula njira.

Za ana, chikhululukiro ndi milandu ya kunja

Ngati munapalamula muli mwana, nenani zimenezi poyambirira penipeni. Lamulo losamalira ndi kuteteza ana la mu 2010 limaletsa kuti mwana atchedwe wopezeka wolakwa monga achitira ndi wamkulu, ndipo limalimbikitsa kuti nkhani zazing'ono zizithetsedwa kunja kwa khothi. Kuyambira mu 2017, malamulo aakulu a dziko amati mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18. Ngati munazengedwa ngati wamkulu pamene munali mwana, pezani umboni wa zaka zanu, monga buku la kusikelo, kalata ya ubatizo kapena kaundula wa kusukulu, chifukwa chimenechi ndi chifukwa champhamvu chopemphera kuti mlandu uunikidwenso.

Gawo 89 la malamulo aakulu limapatsa mtsogoleri wa dziko mphamvu yokhululukira anthu opezeka olakwa kapena kuwachepetsera chilango, mothandizana ndi komiti yomulangiza, ndipo timamva za akaidi otulutsidwa pa nyengo ya Khirisimasi, ya Pasaka kapena pa 6 July. Chikhululukiro chotere ndi chifundo, si chigamulo chonena kuti munthu sanalakwe, choncho wotuluka mwa njirayi asunge pepala lake lotulukira ndipo asadabwe mlanduwo ukaonekabe pa police clearance. Komanso si chiletso chilichonse chimene chimakhala mpaka kalekale: gawo 51 limaletsa munthu kupikisana nawo pa mpando wa phungu ngati anapezeka wolakwa pa mlandu wa chinyengo kapena wa khalidwe lonyansa m'zaka 7 zapitazo, kutanthauza kuti zakazo zikadutsa, khomo limatsegukanso.

Abale athu amene anagwirapo ntchito ku Joni adziwe kuti mlandu wa kumeneko umakonzedwa komweko, monganso mlandu wa ku Mozambique sungathetsedwe ndi khothi la ku Nsanje. Dziko la South Africa lili ndi lamulo lolola munthu kupempha kuti mlandu ufafanizidwe pakapita zaka 10 chigamulo chitaperekedwa, ngati chilango chinali chaching'ono, monga chindapusa chosapitirira R20,000, ndipo ngati m'zaka zimenezo sanalamulidwe kukakhala kundende popanda mwayi wolipira chindapusa. Pempholo limalembedwa pa fomu ya J744 n'kutumizidwa ku unduna wa zachilungamo ku Pretoria pamodzi ndi police clearance ya apolisi a dzikolo, ndipo undunawo sulipiritsa kanthu pa ntchitoyi.