Masiku awiri obadwira a Daniel Boone

Polondola mbiri ya banja la Daniel Boone, mlenje amene anatsegula njira yolowera ku Kentucky mu 1775, ndinapeza masiku awiri obadwira: 22 Okutobala ndi 2 Novembala 1734. Zinkaoneka ngati makolo ake, Squire Boone ndi Sarah Morgan, a ku Pennsylvania ku America, anali ndi ana awiri a dzina limodzi.

Gwero la chisokonezochi ndi kalendala. Mu 1752 Britain ndi madera ake a ku America anasintha kalendala n'kudumpha masiku 11: anthu anagona pa 2 Seputembala, kutacha linali pa 14. Choncho tsikulo ndi limodzi lomwelo. Tsopano deti iliyonse ya 1752 isanafike ndimailemba pawiri, yakale ndi yatsopano.

Samalaninso ndi mabuku a mpingo wa Quaker, kumene banjali linkapemphera. Nthawi imeneyo miyezi ankaiwerenga kuyambira Malichi, ndiye mwezi wachisanu ndi chitatu ndi Okutobala, osati Ogasiti.