Mwana azitha kuvula yekha

Mukamamuveka mwana wa zaka 3 kapena 4 popita kusukulu, muzidzifunsa kuti akafuna kupita kuchimbudzi, kodi atha kuvula yekha chovalachi? Mwana wamsinkhu umenewu sapirira mkodzo nthawi yaitali, ndipo amauza aphunzitsi zinthu zitathina kale. Ndiye akakumana ndi lamba wolimba, batani lovuta kapena ovololo yomangira pamapewa, amangodzikodzera ali chiimire pakhomo pa chimbudzi. Anzake akamuseka, mawa lake mumangomva kuti mutu ukumupweteka, sakufuna kupita kusukulu.

Kabudula kapena siketi ya lasitiki m'chiuno ndiye yabwino. Muyeseni kaye kunyumba, atsitse ndi kukweza yekha inu mukungoyang'ana, osamuthandiza ngakhale manja akuyabwani. Akalephera, chovalacho azivala masiku amene muli naye pafupi.

Nsapato za zingwe nazo n'chimodzimodzi. Ana ambiri amadziwa kumanga zingwe akafika zaka 5 kapena 6, choncho mugulireni zomata. Komanso zogula nsapato yaikulu kwambiri ati akulira momwemo, ine sindigwirizana nazo. Imavuka pothamanga, mwana n'kubwera mawondo ali zilonda. Kutsogolo kwa zala kungotsala malo okwana chala chanu chachikulu basi.

Juzi mulembe dzina lake mkati mwa kolala ndi cholembera chosafufutika, chifukwa dzuwa likangotentha amavula n'kuisiya pomwe amasewera. M'chikwama musaiwale kabudula wamkati ndi chovala china chosinthira, mutazikulunga m'jumbo yomwe adzaikemo zonyowazo.